Mkuwa Wolumikizira Mabatire: Kuyeza Kukula Kwake ndi Kuupanga

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikamba za magetsi a mabatire, ndipo pensulo ndi kapepala zikhale pafupi chifukwa muli timasamu. Ambiri mukukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Kuthimathima kwa miyezi yotsatirayo kunachititsa eni magolosale, ometa tsitsi, zipatala zing'onozing'ono ndi mabanja ambiri kugula sola, inveta ndi mabatire. Kumidzi kumene mawaya a ESCOM sanafike, sola ndiye magetsi awo kuyambira kale. Tsono batire limodzi likachepa munthu amagula lachiwiri, kenaka lachitatu, ndipo funso la lero lagona pamenepa: mabatirewa alumikizidwe ndi chiyani? Muno ndili ndi mmisiri wa zamagetsi amene ntchito yake ndi yoika sola. Bambo, takulandirani.

MMISIRI: Zikomo mayi, ndi inu omvera zikomo.

WOULUTSA: Mwabwera ndi kachitsulo kofiirira, kaphwatalala, kokhala ndi mabowo. Omvera sakukaona. N'chiyani chimenechi?

MMISIRI: Uwu ndi mkuwa, ndipo amisiri timautcha busbar. M'lifupi mwake ndi mamilimita 30, kukhuthala kwake mamilimita 6, kutalika kwake pafupifupi rula ya mwana wasukulu. Pa banki ya mabatire timaika ziwiri, ina ya pozitivi, ina ya negativi. Batire lililonse limabweretsa waya wake apa, inveta imatengera apa, chaja ya sola imathira apa. Palinso timikuwa tifupitifupi tolumikizira mutu wa batire ili ndi mutu wa linzake, nato ndi busbar ndithu.

WOULUTSA: Koma anthu akhala akungolumikiza batire loyamba ku lachiwiri, lachiwiri ku lachitatu, ndi timawaya, inveta n'kuimangirira ku batire loyamba. Magetsi amayaka. Vuto lili pati?

MMISIRI: Amayaka inde, koma mabatirewo sagawana ntchito mofanana. Waya aliyense ndi polumikizira paliponse pamakaniza magetsi pang'ono. Batire limene lili pafupi ndi inveta njira yake ndi yaifupi, ndiye limatulutsa kwambiri usiku, masana n'kulandiranso kwambiri. La kumapeto limangothandizira. Pakapita miyezi loyamba lija latha mphamvu, ndipo likafooka limayamba kukoka anzake. Mwini wake amati anandigulitsa mabatire achinyengo, pamene chawapha ndi kalumikizidwe. Mukaika busbar, n'kudula mawaya ofanana kutalika ndi kukula kuchokera ku batire lililonse, onse amatopa mofanana ndipo amadzaza mofanana.

WOULUTSA: Chabwino. Tiyeni ku masamu aja. Munthu adziwa bwanji kuti mkuwa wake ukhale waukulu chotani?

MMISIRI: Choyamba adziwe maampu amene adutse mumkuwamo. Anthu ambiri amayang'ana mawati olembedwa pa inveta n'kuiwala maampu, chonsecho chimene chimatenthetsa chitsulo ndi maampu. Tengani ketulo ya mawati 2000. Pa magetsi a m'nyumba, a mavolti 230, ketuloyo imakoka maampu osafika 10, ndipo waya wa 2.5 uja timaika kumasoketi amakwanira bwinobwino. Tsopano mawati 2000 omwewo atuluke mu inveta ya mavolti 12. Inveta imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi posandutsa magetsi, choncho ku batire ikukoka mawati pafupifupi 2200. Batire likamatsitsidwa chonchi siliima pa 12, limagwa kufika cha pa 11. Gawani 2200 ndi 11, mupeza maampu 200.

WOULUTSA: Kuchoka pa 10 kufika pa 200, ketulo yomweyo?

MMISIRI: Yomweyo mayi. N'chifukwa chake mmisiri amene anazolowera mawaya a m'nyumba amafunika asinthe kaganizidwe akafika pa mabatire. Ndibwereze kuti omvera alembe. Mawati a inveta, onjezani gawo limodzi mwa khumi, gawani ndi mavolti a batire likatsika: 11 pa banki ya 12, 22 pa banki ya 24, 44 pa banki ya 48. Inveta yomwe ija ya mawati 2000 ikakhala ya mavolti 24 imakoka maampu 100, ikakhala ya 48 imakoka 50 okha. Ndipo kutentha sikutsika ndi theka chabe. Maampu akatsika ndi theka, kutentha kumatsika kanayi. Ine munthu akandifunsa asanagule katundu, ndimamuuza kuti akafuna kupitirira mawati 1500 asiyane ndi mavolti 12. Ndalama imene akanathera pa mkuwa wokhuthala ndi mawaya onenepa ndi yambiri.

WOULUTSA: Koma amene anagula kale ya 12, ali ndi maampu 200 ake. Atani?

MMISIRI: Aonjezere kotala, akhale 250. Tikutero chifukwa fyuzi imene aike idzakhala ya pamenepo, ndipo mkuwa uyenera kupirira zonse zimene fyuzi ingalole kudutsa. Fyuzi ndiyo iyambe kupsa, osati mkuwa kapena waya. Tsopano lamulo limene amisiri ambiri timayendera pa mkuwa wosaphimbidwa ndi ili: masikweya milimita awiri alionse anyamule maampu atatu. Ndiye tengani maampu anu, chulukitsani ndi 2, gawani ndi 3. Pa 250 mupeza 167.

WOULUTSA: Masikweya milimita amenewa munthu awaona pati pa chitsulocho?

MMISIRI: Pa nkhope ya podulidwa. Mukadula mkuwa ndi sowo, yang'anani kumapeto kwake: m'lifupi kuchulukitsa ndi kukhuthala. Uwu ndagwirawu, 30 kuchulukitsa ndi 6, ndi 180. Wapitirira 167, ndiye wakwana. Wa 40 ndi 5 ndi 200, wakwananso, ndipo ine ndingasankhe umenewo ndikaupeza, popeza wotambalala uli ndi malo ambiri otayira kutentha ku mphepo, komanso malagi, timitu tachitsulo ta kumapeto kwa mawaya, amakhazikikapo bwino. Wa 25 ndi 3, umene umapezeka kwambiri chifukwa amaugwiritsa ntchito poteteza nyumba ku mphezi, ndi 75 basi. Umenewo ukwanira maampu pafupifupi 110, ndiye ndi wabwino pa banki ya mavolti 48 kapena pa inveta yaing'ono, koma pa maampu 250 ayi.

WOULUTSA: Kodi lamuloli ndi limodzi kwa wa ku Dedza ndi wa ku Nsanje?

MMISIRI: Funso labwino. Mkuwa ukatentha umakaniza magetsi kwambiri, pafupifupi magawo 4 pa 100 pa madigiri 10 alionse. Komanso chitsulo chimazizira potaya kutentha ku mpweya wozungulira, ndiye mpweyawo ukakhala wotentha kale, kuzizira kumavuta. Ku Chikwawa ndi Nsanje mwezi wa Okutobala kunja kumafika madigiri 40, nanga m'kachipinda ka malata kopanda zenera? Wa kumeneko, ngakhalenso wa kunyanja, kapena aliyense amene atsekere mikuwa yake m'bokosi, atenge saizi yotsatira yokulirapo. Mkuwa wokula mopitirira umangopweteka thumba, wochepa umatha kuotcha nyumba.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mkuwa wolumikizira mabatire a sola ndi inveta. Bambo, mwatchula thumba. Mkuwa ndi wodula. Kwa owotcherera kuli zitsulo zaphwatalala zotsika mtengo, bwanji osangodula chimodzi n'kuboola?

MMISIRI: Chitsulo wamba chimadutsitsa magetsi mochepa kwambiri, kuchepera kasanu ndi kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi mkuwa, ndipo chimachita dzimbiri. Kuti chifanane ndi kamkuwa aka, chingafunike chikhale chimphona. Chitsulo chosachita dzimbiri chija cha masupuni ndiye choipiratu, sichifika ngakhale magawo atatu pa 100. Palinso brasi, chitsulo chachikasu cha matapu a madzi ndi maloko. Anthu ambiri amachiyesa mkuwa, ndipo timabusbar tambiri totsika mtengo m'masitolo ndi ta brasi topakidwa zonyezimira. Brasi imadutsitsa pang'ono kuposa kotala ya zimene mkuwa umadutsitsa. Aluminiyamu ndiye ali ndi nkhani yomveka, amafika magawo 61 pa 100, ndipo makampani a magetsi amamugwiritsa ntchito kwambiri pa mawaya a pamitengo. Koma amafuna akule kuposa mkuwa kamodzi ndi theka kapena kuposerapo, ndipo amavuta polumikizira chifukwa pamwamba pake pamachita kakhungu kosaoneka kokaniza magetsi. Kwa munthu wopanga kunyumba, ine sindimulangiza aluminiyamu.

WOULUTSA: Ndiye wogula adziwa bwanji kuti wagula mkuwa weniweni?

MMISIRI: Apite ndi tupa ndi maginito. Apale pang'ono pakona. Mkati mukakhala mofiirira, ndi mkuwa. Mukakhala mwachikasu ndi brasi, mukakhala moyera ndi aluminiyamu kapena chitsulo chongokutidwa pamwamba. Maginito sagwira mkuwa. Ndodo zambiri zokhomera pansi za ethi zimaoneka ngati mkuwa koma mkati ndi chitsulo, ndipo maginito amakakamira pomwepo. Sikelo nayo imathandiza: mita imodzi ya mkuwa wa 30 ndi 6 imalemera makilogalamu 1.6, pamene aluminiyamu wa saizi yomweyo safika theka la kilogalamu. Ndipo ndinenepo ichi, mayi, chifukwa chimandikhudza. Gulani m'sitolo ya zamagetsi, mutenge lisiti. Anthu akuphwasula matiransifoma ndi kudula mawaya a ESCOM pofuna mkuwa, mudzi wonse ndi chipatala chake n'kukhala mumdima masabata. Wogula mkuwa wosadziwika kochokera ndiye amapatsa akubawo msika. Mkuwa wolowa mwalamulo ulipo, ndipo suchokera kutali: anzathu a ku Zambia amaukumba, ndipo ku Luanshya kuli fakitale ya ZAMEFA yopanga mawaya a mkuwa.

WOULUTSA: Ena ndawaona akuphwanya paipi ya mkuwa ya madzi ndi hamala kuti ikhale yaphwatalala. Imeneyo ndi mkuwa weniweni, si choncho?

MMISIRI: Ndi mkuwa, ndipo nzeruyo si yoipa, bola munthu awerenge. Paipi imanamiza maso chifukwa mkati ndi mphako. Ya mamilimita 15, khoma lake limakhala pafupifupi 0.7, ndipo mukaiphwanya mkuwa wonse ndi masikweya milimita 31 okha. Ya mamilimita 22, khoma la 0.9, imapereka pafupifupi 60. Komanso mkuwa wa mapaipi amauthira fosifolasi pang'ono kuti uziwotchereka bwino, ndipo zimenezi zimautsitsa kufika pa magawo 85 pa 100 a mkuwa wa magetsi. Ndiye paipi ya 22 ija muiwerenge ngati 50, kutanthauza maampu 75. Pa kasola ka mababu, wailesi yakanema ndi kutchaja mafoni, yakwana. Pa inveta ya mawati 2000 ya mavolti 12, musayese. Ndipo ngati mukuiphwanya, hamala isagunde mkuwa mwachindunji. Ikani paipiyo pakati pa zitsulo ziwiri zosalala n'kufinya mu vayisi. Hamala imasiya mabampu, ndipo mabampu ndiwo atifikitse pa nkhani imene ndabwerera.

WOULUTSA: Kodi masamu aja si ndiwo nkhani yaikulu?

MMISIRI: Masamu ndi gawo losavuta. Mkuwa woyezedwa bwino sukhala ndi mlandu. Tamvani: kamkuwa aka, maampu 200 akamadutsa kuchokera uku kufika uku, kamataya mphamvu yongopitirira wati imodzi. Simungamve n'komwe kufunda. Koma pakhale polumikizira pamodzi pomasuka kapena pakuda, pamene pakutayika mavolti 0.2 okha. Chulukitsani 0.2 ndi maampu 200, mupeza mawati 40. Mawati 40 ndi mphamvu ya kachitsulo kaja okonza mawailesi amasungunulira mtovu, ndipo apa yonseyo yaunjikana pa malo ochepa ngati kandalama kachitsulo, yayaka usiku wonse pafupi ndi pulasitiki ya batire. Ndipo vutoli limadzikulitsa lokha. Pakatentha chitsulo chimafutukuka, pakazizira chimabwerera, nati imamasuka pang'ono, mpweya umalowa, mkuwa umada, kukaniza kumakula, kutentha n'kuonjezekanso. Mabanki ambiri amene amapsa, moto umayambira pa bawuti.

WOULUTSA: Ndiye tiphunzitseni kapangidwe, kuyambira podula.

MMISIRI: Musanadule, yalani malagi anu onse pa mkuwawo monga adzakhalire, mabatire, inveta, chaja, ndipo musiye bowo limodzi kapena awiri a mtsogolo. Lagi iliyonse ikhale ndi bowo lakelake. Pakati pa bowo ndi linzake siyani mamilimita 25 kapena 30, kuti malagi asakwerane ndiponso sipanala ilowe. Bowo la inveta likhale pakati, mabatire mbali zonse ziwiri, kuti magetsi asayende mkuwa wonse kuchokera kumapeto. Dulani ndi sowo ya zitsulo, mupale m'mphepete ndi tupa.

Poboola samalani. Mkuwa ndi wofewa koma umagwira nsonga ya dirilo, ndipo ukagwira, chitsulo chonse chimazungulira n'kucheka dzanja. Musaugwire ndi manja, umangeni mu vayisi kapena muupanikize pa thabwa. Khomani kachizindikiro ndi panchi, yambani ndi kansonga kakang'ono ka mamilimita 3 kapena 4, dontheza mafuta, kenaka mumalize ndi yaikulu, osathamanga. Bawuti ya 8 imafuna bowo la 8.5 kapena 9. Kumbukirani kuti bowo limadya mkuwa. Pa mkuwa wa m'lifupi 30, bowo la 9 likusiya 21. N'chifukwa chake timati m'lifupi mukhale katatu kukula kwa bowo, ndipo bowo lisayandikire kumapeto.

Tsopano ichi ndiye anthu amachidumpha. Dirilo ikatuluka imasiya kamlomo kotukuka kuzungulira bowo. Kamlomo kameneko kakatsala, lagi imakhala pa iko, osati pa mkuwa, ndipo maampu 200 onse amapanikizana pa kamzere kopyapyala. Kachotseni ndi nsonga yaikulu ya dirilo mukuipotoza ndi dzanja, mbali zonse ziwiri. Kenaka yalani sandipepala wosalala pa galasi kapena pa tebulo lowongoka, mukhule mkuwawo pamenepo mpaka uwale mofanana. Ikanipo rula yachitsulo n'kuyang'ana kowala. Kuwala kukamadutsa pansi pa rula, sipanawongoke.

WOULUTSA: Nanga ngati mkuwawo ukufunika kupindidwa?

MMISIRI: Pindirani pa chitsulo chozungulira, osati pa kona yakuthwa, ndipo mupinde kamodzi. Mkuwa ukamapindidwapindidwa umauma n'kuyamba ming'alu. Ukauma, uotcheni pa makala mpaka ufiire pang'ono, muuzizitse, ufewanso. Koma moto umaudetsa, ndiye kukhula kuja kubwere pambuyo. Ndipo popinda pakhale patali ndi bowo.

WOULUTSA: Tafika pomanga tsopano.

MMISIRI: Apa omvera alembe ndondomeko yake. Pansi mkuwa. Pamwamba pa mkuwa, lagi, kukhudzana chitsulo ndi chitsulo. Pamwamba pa lagi, washa yaphwatalala. Kenaka washa ya sipuling'i. Pomaliza nati. Pakati pa lagi ndi mkuwa pasalowe washa, ngakhale imodzi. Cholakwa chimenechi ndi chofala kwambiri, ndipo chimachitikanso pa mitu ya mabatire: munthu wapeza washa m'kapaketi, waiika pansi pa lagi. Washa zambiri ndi za chitsulo chosachita dzimbiri chija tanena kuti sichifika magawo atatu pa 100. Mwagula mkuwa wodula, n'kukakamiza magetsi onse adutse m'kachitsulo koipitsitsa. Bawuti nayonso ntchito yake si kunyamula magetsi, ndi kufinya basi. Magetsi amadutsa pamene nkhope ya lagi yakhudzana ndi nkhope ya mkuwa. Ngati mwakakamizika kuika malagi awiri pa bawuti imodzi, ya maampu ambiri ikhale pansi, yokhudza mkuwa.

Musanamange, pukutani nkhope zonse ziwiri ziwale, n'kupakapo Vaseline wochepa kwambiri.

WOULUTSA: Vaseline sadutsitsa magetsi. Simukutseka njira pamenepo?

MMISIRI: Ambiri amaopa zimenezo. Mukamanga nati, mafutawo amafinyidwa n'kuchoka pamene zitsulo zakhudzana, amangotsala m'timipata mmene mukanakhala mpweya. Mpweya ndi chinyezi ndizo zimadetsa mkuwa, makamaka pafupi ndi mabatire a asidi, amene nthunzi yake imabweretsa zobiriwira zija mumaziona pa mitu. Ena amapaka mtovu wosungunula pa mkuwa kuti usade. Mkuwa wokutidwa ndi tini kapena nikelo ku fakitale ndi wabwino kwambiri, koma wopaka pamanja umasiya mabampu, ndiye ine ndimati Vaseline ndi wokwanira.

Pa kulimba kwa nati, pa busbar mangani zolimba mpaka washa ya sipuling'i iphwatalale, mukugwira bawuti ndi sipanala ina kumbuyo. Koma pa mutu wa batire tsatirani nambala imene opanga analemba pa pepala lake. Mukapitirira, mazinga amatha kapena mutu umang'aluka pamene walowera m'batire, ndipo batire lotero silikonzeka.

WOULUTSA: Masiku ano kwabwera mabatire a lithiyamu. Ndi chimodzimodzi?

MMISIRI: Amene amabwera m'bokosi lotsekedwa, masamu ndi kamangidwe n'zomwezi. Koma alipo amisiri amene akugula maselo a mavolti 3.2 n'kumanga okha, anayi kupanga mavolti 12.8, kapena 16 kupanga 51.2. Amenewo adziwe zinthu ziwiri. Mitu ya maselo ambiri otere ndi ya aluminiyamu, yofewa, ndipo mkuwa wosakutidwa ukakhudzana ndi aluminiyamu pa chinyezi, aluminiyamuyo amadyeka. Apo gwiritsani mkuwa wokutidwa ndi tini kapena nikelo. Chachiwiri, maselowa amafufuma pang'ono akamadzaza n'kuphwa akamatsika. Mkuwa wokhuthala wouma umakoka mitu yake tsiku ndi tsiku. Ndi bwino kusanjikiza timikuwa topyapyala tingapo tokhala ndi kalinunda pakati, kapena kuboola mabowo ataliatali, kuti pakhale poyendera.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Bambo, anthu amati mavolti 12 sagwira munthu. Ndiye kuopsa kwake kuli pati?

MMISIRI: N'zoona kuti mukagwira mitu ya batire la 12 ndi manja ouma simumva kanthu. Kuopsa kuli pa chitsulo. Batire limodzi lalikulu la sola, mitu yake ikalumikizidwa mwachindunji, limatha kutulutsa maampu masauzande. Mukaika anayi pamodzi, mwachulukitsa kanayi, ndipo mphamvu yonseyo mwaisonkhanitsa pa mikuwa iwiri yosavala. Sipanala ikagwera pakati pake imawotcherereka pomwepo, imafiira, zitsulo zosungunuka n'kuthovokera kumaso. Mphete ya ukwati ikagunda, imapsereza chala mpaka fupa. Batire lilibe switchi yoti muthamangire kukazimitsa.

Choncho vulani mphete, wotchi ndi tcheni. Kulungani sipanala ndi tepi, kungosiya kukamwa kwake. Valani magalasi. Mukamagwira mbali imodzi, inayo iphimbeni ndi labala kapena nsalu youma yokhuthala. Busbar ya pozitivi ndi ya negativi zitalikirane kuposa kutalika kwa sipanala yanu, kapena pakati pake pakhale chotchinga cha pulasitiki. Muzikhazike pa mainsuleta ogulitsidwa m'masitolo a zamagetsi, osati pa bokosi lachitsulo, ndipo thabwa lopanda kanthu musalikhulupirire, limamwa chinyezi ndi asidi, komanso limapsa. Mukamaliza ikanipo chivundikiro, chifukwa m'nyumba muli ana, muli makoswe, ndipo tsiku lina wina adzatsamiritsa khasu pamenepo.

WOULUTSA: Fyuzi ija munaitchula ikhala pati?

MMISIRI: Yaikulu ikhale pa waya wa pozitivi wopita ku inveta, pafupi penipeni ndi busbar. Ndipo batire lililonse, kapena mzere uliwonse wa mabatire, ukhale ndi fyuzi yake pafupi ndi mutu wa pozitivi. Chifukwa chake n'chakuti batire limodzi likafa mkati, anzake onse amathira mphamvu zawo mwa ilo kudzera pa mkuwa womwewu, ndipo fyuzi ya inveta siziona zimenezo. Zikhale fyuzi zolembedwa kuti ndi za DC. Buleka ya m'nyumba inapangidwira magetsi a AC, amene amadutsa pa ziro ka 100 pa sekondi, ndiye lawi limazima lokha. Magetsi a batire sadutsa pa ziro, lawi likayamba limapitirira.

Polumikiza, zimitsani inveta, chotsani mapanelo a sola ku chaja, ndipo yezani batire lililonse. Mavolti ake akhale oyandikana kwambiri, osasiyana kuposa 0.1, apo ayi lodzaza lidzathira mwa lotsika mwamphamvu. Musaphatikize lakale ndi latsopano, kapena la asidi ndi la lithiyamu. Ndipo mabatire a asidi akamatchajidwa amatulutsa mpweya wa hayidirojeni, umene umatha kuphulika ndi kamoto kakang'ono ukangofika magawo anayi pa 100 a mpweya wa m'chipinda. Tsegulani mazenera, ndipo waya wotsiriza mumangire ku busbar, kutali ndi zivundikiro za batire, kuti kamoto kakathetheka kathethekere kumeneko. Amene sanagwirepo ntchito yotere aitane mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA. Kudula, kuboola ndi kukhula mkuwa angathe yekha, koma tsiku lolumikiza pakhale wodziwa.

WOULUTSA: Tamanga, magetsi ayaka. Tidziwa bwanji kuti ntchito yagwirika bwino, poti mwati vuto limabisala?

MMISIRI: Yatsani katundu wolemera amene inveta yanu imatha, ayironi kapena ketulo, ayake kwa kanthawi. Tengani mita yanu, muiike pa mamilivolti a DC. Nsonga imodzi gundani pa mkuwa, ina pa lagi, pa bawuti yomweyo. Pomangidwa bwino muona mamilivolti ochepa, owerengeka pa zala. Yendani mabawuti onse mukulemba. Mukapeza pamodzi pamene nambala yake yaposa anzake katatu kapena kanayi, zimitsani, masulani, khulani, mumangenso. Amene alibe mita, patatha theka la ola azimitse katunduyo n'kukhudza polumikizira paliponse ndi kumbuyo kwa chala, atavula mphete. Kufunda pang'ono si vuto. Pamene chala sichingakhalepo, kapena pamene patentha kuposa anzake, pali vuto, ngakhale magetsi akuyaka bwino. Mkuwa ukasintha mtundu n'kuyamba kuda mozungulira bawuti imodzi, kapena pulasitiki ya waya ikauma n'kuchita ming'alu pafupi ndi lagi, ndiye kuti pakhala pakutentha kwa nthawi.

Pakatha masabata awiri kapena atatu bwererani ndi sipanala, chifukwa mkuwa umakhazikika ukafinyidwa ndipo nati zimapezeka zamasukako. Kenaka muziyendera kawiri pa chaka, kamodzi kutentha kwa Okutobala kusanafike, kenanso mvula ikatha, pamene chinyezi chakhala chikulowa m'nyumba.





WOULUTSA: Omvera, nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakamba za kasankhidwe ka mawaya ochokera ku batire kupita ku busbar, ndi kafinyidwe ka malagi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)